Kukumba Dziwe Kusakhale Chilango



Lamulungu lapitali, itatha Misa yachiwiri, gulu lathu la achinyamata linamanga mfundo ziwiri pansi pa mtengo wa mango uja. Yoyamba inali yakuti tikumbe dziwe m'dimba la parishi, kumunsi kwa tchalitchi, kuti tiziwetamo nsomba ndiponso kuthirira ndiwo zamasamba m'chilimwe. Pa mfundo imeneyi ndinaomba m'manja mpaka zikhatho kutentha. Yachiwiri inali yakuti aliyense wochedwa pa msonkhano, kapena wolephera kupereka ndalama ya pamwezi, azipatsidwa chigawo chake chokumba ngati chilango. Anthu anaseka, ena n'kumalozana zala, mlembi n'kulemba m'buku. Ine sindinaombe. Popeza dzuwa linali litafika paliwombo ndipo mimba zinali zitayamba kudandaula, ndinasunga mawu anga, ndipo ndawabweretsa pano.

Ndiyambe ndakuuzani chimene tavomera, chifukwa ndikukayika ngati ambiri amene anakweza mkono anakumbapo chinthu choposa dzenje la zinyalala. Dziwe limene tagwirizana ndi la mamita 20 mulitali ndi mamita 10 mulifupi. Tikati tikumbe masentimita 75 kupita pansi, kuya kotsalako n'kukupeza pokweza zipupa, dothi lochotsa likhala makyubiki mita 150. Kyubiki mita imodzi ya dothi lachinyontho imalemera pafupifupi tani imodzi ndi theka. Ndiye kuti tikukamba za matani 225, kapena kuti matumba 4,500 a makilogalamu 50, aja timasungiramo chimanga. Ngati wilibala ikunyamula thumba limodzi ndi theka pa ulendo, tidzaikankha maulendo 3,000. Tikamabwera anthu 20 Loweruka lililonse, aliyense n'kukumba ndi kututa kyubiki mita yake imodzi, padzapita Maloweruka asanu ndi atatu tisanayambe n'komwe kulankhula za nsomba.

Masamu amenewa sindinawaphunzire ku seminale. Ndinawaphunzira m'chaka cha 2022, pamene ine ndi mng'ono wanga tinakumba kadziwe ka mamita 10 ndi 8 m'dimba la kwathu. Tinayamba m'mwezi wa June tikuganiza kuti ndi ntchito ya masabata awiri. Inatitengera masabata asanu ndi awiri.

Masiku oyambirira amanyenga. Dothi la pamwamba ndi lofewa, khasu limangolowa, ndipo pofika madzulo malo onse amakhala atasintha maonekedwe, odutsa n'kumakuyamikirani. Tinkaimba ndithu. Mavuto anayamba titapitirira dothi lakuda lofewalo n'kufika pa makande. Dothi limeneli likakhala lonyowa limakakamira ku khasu, moti ukatema katatu uyenera kuima n'kulipala ndi kamtengo. Likauma limabweza piki ngati wamenya mwala, kunjenjemera kwake n'kufika m'mano. Tsiku lachitatu matuza anaphulika. Tinakulunga nsanza m'manja, koma m'mawa mwake zala zinkakana kupindika, moti kapu ya tiyi ndinkaigwira ndi manja awiri ngati mwana. Lamulungu pa Misa kugwada kunali kosavuta, koma podzuka ndinkachita kugwira benchi, amayi a Legio n'kumandiyang'ana mwachifundo.

Chimene munthu sachiganizira ndi chakuti dzenje likamazama, fosholo iliyonse imalemera kuposa ya dzulo, ngakhale dothi ndi lomwelo, chifukwa uyenera kuliponya pamwamba kwambiri. Poyamba umaponya kufika m'mawondo, kenaka m'chiuno, ndipo kumbali yozama umaponya kufika pachifuwa. Msana ukatopa ntchito imasamukira m'mapewa. Kenaka madzi anayamba kutumphuka pansi. M'mawa uliwonse, m'chisanu cha July, tinkayamba talowa m'madzi ozizira ofika m'akakolo n'kuwakapa ndi ndowa kwa theka la ola, ndiye n'kuyamba kukumba, matope akukoka mapazi. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Ife tinalira madzi ndipo tinawapeza pamodzi ndi katundu wake yense. Za njala sindinena zambiri: mbatata zimene mayi ankawiritsa kuti zikwanire nyumba yonse tinkazimaliza awiri.

Komabe kukumbako si kumene kumapanga dziwe. Chimene chimasunga madzi ndi chipupa, ndipo chipupa ndicho chimadya mphamvu mopanda chooneka. Dothi la pamwamba lija, lokhala ndi udzu ndi mizu, sililowa m'chipupa. Umaliunjika pambali, chifukwa mizu ikaola imasiya timayenje todutsa madzi. Umathira makande okhaokha mulingo wa masentimita 15, n'kuwaza madzi, n'kusinja ndi chipika cholemera mpaka dothi litagwirana, ndiyeno n'kuthiranso mulingo wina. Ukhoza kusinja m'mawa wonse, wodutsa n'kukufunsa kuti lero simunagwire ntchito kodi.

Pano ndiulule tchimo langa. M'sabata lachisanu mng'ono wanga anapita kumaliro kwa masiku atatu, ine n'kutsala ndekha. Ndinali nditatopa, ndiponso mumtima ndinali nditakwiya kuti andisiyira katundu. Pa ngodya ya kumunsi ndinangokhuthula mawilibala motsatizana, osawaza madzi, osasinja, ndipo udzu umene unalowamo ndinautembenuzira nkhope kumbali. Ndinasalaza pamwamba ndi fosholo, ngodyayo n'kuoneka yokongola kuposa zinzake. Palibe anadziwa. Titadzaza madzi, panangopita masabata atatu, kuseri kwa ngodya ija kunayamba kunyowa, madzi n'kumatsika tsiku ndi tsiku. Tinaphwetsa dziwe, tinagumula ngodya yonse, n'kuimanganso. Masiku atatu amene ndinaba ndinawabweza ndi masiku asanu ndi anayi.

Tsono ndikufunseni, abale ndi alongo anga. Ngati ine mwini dziwe, wodziwa kuti nsombazo ndidzadya ndine, ndinadzinamiza ndekha chifukwa cha kutopa ndi kakukwiya ka masiku atatu, nanga mnyamata amene wapatsidwa chipika chifukwa anachedwa ndi mphindi khumi adzasinja motani? Dzenje mukhoza kumukumbitsa, chifukwa dzenje limayezeka ndi ndodo. Chipupa simungamusinjitse, chifukwa m'kati mwake simuoneka. Adzasalaza pamwamba monga ndinachitira ine, mlembi adzachonga dzina lake, ndipo tidzadziwa zoona m'mwezi wa October, madzi atathawa ndipo ana a nsomba amene tinagula ndi ndalama zosonkha akuphupha m'matope.

Chifukwa chachiwiri n'chakale kuposa gulu lathu. Ambiri a ife tinadutsa m'sukulu momwe wochedwa kapena wolongolola ankapatsidwa khasu: kumba dzenje lofika m'khosi mwako, zula chitsa icho. Aphunzitsi ankafuna kutiwongola, ndipo sindikuwaimba mlandu. Koma phunziro limene linatsala m'mitima ndi lakuti cholembera n'cha mwana wabwino, khasu n'la wolakwa. N'chifukwa chake lero mnyamata wa satifiketi ya MSCE amalola kukhala pa sitolo tsiku lonse wopanda ndi ya sopo yomwe, kusiyana n'kuti atsikana amuone akukankha wilibala. Gulu la mpingo likatenganso khasu n'kulisandutsa mkwapulo, tikhala tikuthirira maganizo omwewo amene timawadandaula pa misonkhano.

Mbiri ya dziko lathu ili ndi mawu awiri amene ayenera kutichenjeza. Kuthangata poyamba kunkatanthauza kuthandizana. Koma m'nthawi ya atsamunda, pa minda ikuluikulu ya azungu m'maboma monga Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba, thangata anasanduka ntchito yokakamiza: wokhala pa malo a mzungu ankalipira malowo ndi thukuta, kawirikawiri m'dzinja, nthawi imene munda wake womwe ukumufuna. Ichi chinali chimodzi mwa madandaulo amene anadzetsa kuukira kwa John Chilembwe m'chaka cha 1915, ndipo mchitidwewo unakhalapobe mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Pambali pa thangata panali dima, pamene mudzi unkasonkhana kulima m'munda mwa mmodzi, mawa mwa wina, pali thobwa kapena mowa, nyimbo zili pakamwa. Khasu linali lomwelo, ndipo msana unkapweteka chimodzimodzi. Kusiyana kunali pa amene waitana ndi amene adzadye zokolola.

Taonani bwino amene mfundo yathu idzawagwere. Wolephera kupereka ndalama ya pamwezi si mwana wa mwini golosale ayi. Ndi uja amene sabata yonse amakhala ali pa ganyu, akuumba njerwa kapena kusenza mchenga, ndipo amachedwa pa msonkhano chifukwa amayenda wapansi kuchokera ku mphakati wakutali. Ameneyo ndiye adzakumbe kawiri, pamene wokhala ndi ndalama adzalipira n'kumayang'anira ali chiimire, foni ili m'manja. Pa tsiku lokolola onse adzabwera ndi mbale zofanana. Dziwe lotero, ngakhale Bambo Mfumu ataliwaza madzi odalitsa, dzina lake ndi thangata.

Ndikudziwa chimene apampando adzayankhe, ndipo ali ndi mfundo: kuchedwa kwatipweteka, ndipo gulu lopanda mwambo silipita patali. N'zoona. Koma zilango zilipo zina. Wochedwa popanda chifukwa ataye mwayi wovota tsiku limenelo, kapena dzina lake lisalowe pa ulendo wotsatira wa kwaya. Chokhacho chimene ndikukana ndi kulanga munthu ndi ntchito imene tikufuna kuti aikonde. Enanso anati tingodikira wachifundo atibwerekere chimakina chokumbira. Sindidana ndi makina; atapezeka lero ndikhoza kuvina. Koma ndalama yobwerekera ndi yonyamulira tilibe, ndipo takhala tikudikira achifundo pa nkhani ya denga la holo kwa nthawi imene nonse mukuidziwa.

Pali ena amati kukhetsa thukuta ndi temberero limene tinalandira kwa Adamu, ndiye palibe cholakwika kulisandutsa chilango. Awerengenso bwino buku la Genesis: munthu anapatsidwa munda woti aulime ndi kuusamala asanachimwe. Chimene chinadza pambuyo ndi kuwawa kwake, osati ntchitoyo. Mpingo wakhala ukubwereza zimenezi. Papa Pius XII m'chaka cha 1955 anaika tsiku la 1 May kukhala chaka cha Yosefe Woyera, munthu wa ntchito zamanja, ndipo Papa Yohane Paulo Wachiwiri, amene iye mwini ali mnyamata anagwirapo ntchito pa malo oswa miyala ku Poland pa nthawi ya nkhondo, anaphunzitsa m'kalata yake ya Laborem Exercens ya 1981 kuti ulemu wa ntchito umachokera poyamba kwa munthu woigwirayo, osati ku mtundu wa ntchitoyo. Sindikhulupirira kuti munthu amene anadziwa kulemera kwa nyundo akanavomera mfundo yathu ija.

Maganizo anga ndi awa. Tikumbe tonse, kuyambira apampando, mlembi, msungichuma, mpaka ine katekisi wanu. Pakhale buku la masiku, ndipo pokolola gawo la munthu lilingane ndi masiku amene anagwira, osati ndi ndalama zimene anapereka. Alongo athu amene adzasenza dothi pamutu ndi ndowa tsiku lawo liwerengedwe mofanana ndi la wogwira piki. Amene akuganiza kuti kusenza n'kopepuka ayese maulendo makumi atatu, akandiuze za khosi lake. Wodwaladwala kapena wolumala ali ndi malo ake: kuwaza madzi pa chipupa, kuphika, kukhoma mipini, kusunga buku lija. Amene amagwira ntchito ya pamwezi Loweruka akhoza kutuma waganyu, koma amulipire mtengo woyenera pamaso pa gulu, ndipo waganyuyo adye nafe. Tizigwira kuyambira 6 koloko mpaka 10 koloko m'mawa basi, chifukwa munthu wotopa kwambiri ndiye amayamba kubisa udzu m'chipupa. Nthawi yabwino ndi pakati pa May ndi July, mvula itatha koma nthaka ikadali ndi chinyontho; tikafika September makande adzatithyolera mapiki.

Tisaiwale potulukira madzi osefukira, pakuti amene anaona mvula ya namondwe Freddy mu March 2023 akudziwa chimene madzi amachita ndi chipupa chopanda khomo. Tisaiwalenso mpanda, chifukwa ana a Tilitonse amasewera pafupi ndi dimbalo, ndipo madzi ofika m'chiuno mwa munthu wamkulu ndi okwanira kumiza mwana. Za mtundu wa nsomba, kaya makumba kaya chilunguni, tidzafunsa alangizi a za nsomba nthawi yake ikakwana.

Koma tisanakhome chikhomo ngakhale chimodzi, tiyese nthaka. Tikumbe dzenje lofika m'chiuno pakati pa malowo, titenge dothi la pansi, tilinyowetse, tiumbe kampira, tikaponye m'mwamba n'kukawakha. Kakamwazika ndiye kuti mchenga wachuluka ndipo malowo sasunga madzi. Dzenjelo tilidzaze madzi, tiwathirenso madzulo, tilivundikire ndi masamba, m'mawa mwake tikaone ngati akhala. Ntchito imeneyi ndi ya anthu anayi, ndipo ine ndikhala mmodzi wa iwo Loweruka likudzali nthawi ya 6 koloko. Ndikupempha apampando kuti mfundo yachiwiri ija ibwerenso pa msonkhano wa Lamulungu, tiikambirane tonse manja athu ataona kale makande. Ndibweretsa piki ndi wilibala yanga. Gudumu lake limalira kwambiri, ndiye amene ali ndi girisi kunyumba atengeko pang'ono.