Khoswe wa Pamkhate

Pa tsiku Lachisanu, pa 15 Malichi 2019, munthu wina wa ku Australia analowa ndi mfuti m'mizikiti iwiri ya mumzinda wa Christchurch, m'dziko la New Zealand, nawombera anthu amene anasonkhana kudzapemphera. Anthu 51 anafa. Munthuyo anali atamangirira kamera pachisoti chake, kotero kuti ntchito yake yoopsayo inaoneka pa Facebook nthawi yomweyo imene inali kuchitika, kwa mphindi ngati 17. Asanapite kukapha anafalitsanso pa intaneti kalata yaitali yodzala ndi chidani pa Asilamu ndi pa alendo odzakhala m'maiko a Azungu. Eni ake a Facebook ananena kuti m'tsiku loyamba lokha anachotsa makope a kanemayo okwana 1.5 miliyoni, pakuti anthu anali kumuikanso mobwerezabwereza.

Patangopita masiku owerengeka, David Shanks, mkulu wa ofesi yoyesa mabuku ndi makanema ku New Zealand, analamula kuti kanemayo ndi kalatayo n'zoletsedwa, ndi kuti wozisunga kapena kuzigawira ena adzakhala wolakwira lamulo. Pa 15 Meyi chaka chomwecho, nduna yaikulu ya dzikolo, Jacinda Ardern, ndi mtsogoleri wa dziko la France, Emmanuel Macron, anaitana maboma ndi makampani ku Paris, napangana pangano lotchedwa Christchurch Call, lakuti zinthu zotere zisamafale pa intaneti. Boma la America linakana kulowa m'panganolo chifukwa cha malamulo ake a ufulu wa kulankhula, ndipo linalowa pambuyo pake mu 2021.

Tsono alipo anthu, ena mwa iwo ophunzira kwambiri, amene amati kuletsa kumeneku kunali kulakwa. Iwo amati mawu oipa amagonjetsedwa ndi mawu abwino, ndipo munthu wamkulu sayenera kusankhiridwa chimene aone monga ngati mwana. Maganizo amenewa ndi okoma m'khutu, koma pa nkhani iyi ndi osokeretsa. Ufulu wa kulankhula ulipo kuti anthu azitha kutsutsana, kudzudzula olamulira ndi kufunafuna choona poyera. Nanga m'kanema wa munthu akuwombera nkhalamba ndi ana ogwada m'nyumba yopemphereramo muli mfundo yanji yoti wina aiyankhe? Kanemayo anali mbali ya chiwembu chenicheni. Wakuphayo anafuna zinthu ziwiri, kupha ndi kuonedwa akupha, ndipo aliyense wotumiza kanemayo kwa mnzake amamumalizira ntchito yachiwiriyo. Ayeneranso kuganiziridwa amasiye ndi makolo a ophedwa, amene imfa ya abale awo inasandutsidwa chinthu chosangalatsa anthu a mitima yoipa.

Otsutsawo amatinso kuona sikusandutsa munthu kukhala wakupha. Zimenezo n'zoona kwa anthu ambiri, koma chiwembu sichifuna anthu ambiri. Akuluakulu anati moto umapita kumene kwatsala tchire. Pa 14 Meyi 2022 mnyamata wa zaka 18 anapha anthu akuda 10 m'sitolo ya mumzinda wa Buffalo ku America. Iyenso anaonetsa ntchito yake pa intaneti nthawi yomweyo, kudzera pa Twitch, ndipo m'kalata imene anasiya anatchula wakupha wa ku Christchurch monga womuonetsa njira, nakopera mawu ake ambiri. Pamenepa munthu wonena kuti zinthu zotere zilibe mphamvu akukana chimene maso aona.

Komatu nkhani sithera pomwepa, pakuti mantha a otsutsawo ali ndi mbali ina yoona imene siyenera kunyozedwa. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Wofuna kumupha mwaukali amaswa mkhate, ndipo mkhate pano ndiwo ufulu wa anthu osalakwa. Mu 2017 kampani ya YouTube inayamba kugwiritsa ntchito makina odzisankhira okha makanema oti achotsedwe. Makinawo sanathe kusiyanitsa kanema wa zigawenga ndi kanema wa munthu wamba wojambula mabomba akugwa pamudzi pake, ndipo makanema zikwizikwi a nkhondo ya ku Syria, amene akanakhala umboni pa milandu ya akupha anthu, anachotsedwa. Ena anabwezedwa anthu atadandaula. Choopsa china n'chakuti olamulira ankhanza amakonda kutcha adani awo zigawenga. Mu 2021 bwalo la milandu la ku Moscow linagamula kuti bungwe la Alexei Navalny lofufuza za katangale ndi la anthu oopsa, ngakhale kuti zida zake zinali mapepala ndi makanema oonetsa chuma cha akuluakulu a boma.

Chifukwa chake funso lenileni ndi ili: ndani aletse, aletse chiyani, ndipo wolakwiridwa akadandaule kuti? Pa mafunso atatuwa njira ya New Zealand inali yanzeru koposa njira ya makampani. Woletsa anali munthu wodziwika dzina, woikidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo, ndipo anafotokoza zifukwa zake poyera. Choletsedwa chinali chochepa ndi chotchulidwa bwinobwino: kanema wa kuphako ndi kalata yolimbikitsa ena kupha. Manyuzipepala sanaletsedwe kulemba za chiwembucho, ndipo anthu anakhalabe omasuka kutsutsana za malamulo a mfuti, za chipembedzo ndi za alendo olowa m'dziko. Atolankhani ndi ofufuza anali ndi mwayi wopempha chilolezo choti aone kalatayo pa ntchito yawo, ndiponso lamulo la kumeneko lili ndi bungwe lina lomva madandaulo pa zigamulo zotere. Makampani a intaneti, mwa kusiyana, amadzilembera okha malamulo, amawasintha pamene afuna, ndipo kawirikawiri wochotseredwa chinthu chake samva chifukwa chomveka. Mfumu yoweruza milandu usiku m'nyumba mwake, popanda nduna kapena mboni, siikhulupirika ngakhale itaweruza molungama.

Motero anthu a mbali ziwiri akulakwa. Wonena kuti chilichonse chisiyidwe chifale akupereka mphatso kwa akupha, pakuti ulemu umene iwo amaufuna ndiwo kuonedwa ndi khamu. Wonena kuti boma kapena kampani ichotse chilichonse chimene ikuchiyesa choopsa akupereka chikwanje kwa munthu amene mawa adzachigwiritsa ntchito podula lilime la omudzudzula. Dziko lofuna mtendere ndi ufulu pamodzi liyenera kulemba m'lamulo, m'mawu osavuta kumva, kuti choletsedwa ndicho kuonetsa kupha monga chinthu chonyadira ndi kuitana ena kuti akaphe. Liyenera kuika mphamvuyo m'manja mwa anthu oyankha ku mabwalo a milandu, ndi kuumiriza makampani kuti aziulula zimene achotsa ndi zifukwa zake. Zotsala zonse, ngakhale mawu owawa ndi onyansa, ziyenera kusiyidwa pabwalo kuti anthu azitsutse ndi pakamwa pawo.