Laputopu ndi Dzuwa la Okutobala ku Zomba (Gawo Lachiwiri)

Gawo loyamba la nkhani ino lidafotokoza m'mene laputopu idalowera m'malo mwa taipilaita m'maofesi ndi m'masukulu a dziko lino. Gawo lino likunena za nthenda imene imavutitsa makinawa koposa zonse, ndiyo kutentha, ndipo likuyesa kuyankha funso limene ogula amafunsana kawirikawiri: kodi ndi mtundu uti wa laputopu umene munthu angaudalire?

Funsoli n'lolemera kwa anthu a ku Zomba. Ngakhale likulu la dziko lidasamukira ku Lilongwe mu 1975, Zomba idatsalabe mzinda wa mabuku ndi zolembalemba. Kumeneko kuli Yunivesite ya Malawi, imene idafika ku Chirunga mu 1973 pa dzina la Chancellor College. Kulinso likulu la bungwe la mayeso la MANEB, ofesi ya National Statistical Office ndi nyumba yosungira mbiri ya dziko. Wophunzira wochita lendi kachipinda kwa Chikanda amasunga m'laputopu ntchito yake ya zaka zinayi, ndipo nthawi zambiri makinawo adagulidwa makolo atagulitsa mbuzi kapena matumba a mpunga wa ku Chilwa. Makina otere akafa kutatsala milungu iwiri kuti kafukufuku wa chaka chomaliza aperekedwe, banja lonse limalira.

Choyamba n'kudziwa kumene kutenthako kumachokera. M'kati mwa laputopu muli kachipangizo kakang'ono kotchedwa purosesa, kamene kamawerengera ndi kulamulira ntchito zonse. Magetsi amene kamadya amasanduka kutentha, ndipo kutenthako kumayenda m'kapaipi ka kopa mpaka pa timipata ta m'mbali, pamene kafani kamakuuzira kunja. Pakati pa purosesa ndi kopayo amapakapo mankhwala onga phala othandiza kuti kutentha kudutse msanga. Purosesa ikayandikira madigiri 100 imadzichepetsa liwiro, ndipo zikapitirira makina amazima okha kuti asapse. Motero laputopu imene ikulira ngati chigayo, kuchedwa pa ntchito ndi kuzima mwadzidzidzi imakhala ikudziteteza. Chomvetsa chisoni n'chakuti kutentha kwa tsiku ndi tsiku kumakalambitsa batire mpaka limatupa, ndiponso kumafooketsa malo olumikizira tizipangizo ta m'kati.

Pamsika anthu amalumbirira maina. Wina amati HP ndiye mwini ntchito, wina amati Dell safa, wina amati wogula Apple wagula mtendere. Mbiri ya makampaniwa ikuonetsa zina. Mu Ogasiti 2006 kampani ya Dell idaitanitsa mabatire 4.1 miliyoni chifukwa ena ankatentha mpaka kuyaka moto, ndipo mwezi womwewo Apple idaitanitsa 1.8 miliyoni. Lenovo, Toshiba ndi Fujitsu adatsatira. Mabatire onsewo adapangidwa ndi kampani imodzi, Sony, ndipo tizidutswa ta chitsulo tosaoneka ndi maso tidalowa m'kati mwake ku fakitale. Mu 2008 kachipangizo koonetsa zithunzi ka kampani ya Nvidia kadayamba kufa m'malaputopu a HP, Dell ndi Apple, pakuti zolumikizira zake zinkang'aluka potentha ndi kuzizira mobwerezabwereza. Nvidia idapatula ndalama pafupifupi madola 200 miliyoni zokonzera vutolo. Mu 2018 HP idaitanitsanso mabatire, ndipo Lenovo idaitanitsa makina ena a ThinkPad X1 Carbon kaamba ka kasikulu kosamangitsa kamene kakadatha kuononga batire. Mu 2019 Apple idachita chimodzimodzi ndi MacBook Pro ina ya mainchesi 15.

Phunziro lake n'lakuti dzina lolembedwa pa chivundikiro silinena zonse. Makampani opikisana pamsika amagula mabatire ndi mapurosesa kwa opanga omwewo, ndipo kampani iliyonse ili ndi makina olimba a m'maofesi komanso ena otsika mtengo opangidwa mopepuka. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Chimene wogula ayenera kufunsa ndi msinkhu wa makinawo, kapangidwe kake ndi m'mene adasamalidwira.

Apa m'pamene pagona vuto la kuno. Makampani akaitanitsa katundu wolakwika, amene amapindula ndi wogula wa ku London kapena ku New York amene ali ndi lisiti ndi chitsimikizo cha kampani. Malaputopu ambiri ogulitsidwa m'timashopu ndi m'manja ku Zomba ndi a kaunjika, amene adagwira kale ntchito zaka zingapo kunja. Amafika phala lija litauma, kafani katatopa ndipo batire latsala la mphindi zowerengeka. Kuyambira pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, laputopu yatsopano idapita kutali ndi thumba la mphunzitsi ndi wophunzira, kotero kuti kaunjika ndiye njira imene yatsalira ambiri. Kuwonjezera apo, kampani ya Microsoft idaleka kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo makina ambiri akale sangalandire Windows 11. Wogula achenjere ndi makina amene eni ake kunja awataya pa chifukwa chimenechi.

Makina otopawo amakumana ndi nyengo imene sadaizolowere. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha m'tawuni ya Zomba kumafika madigiri 30 ndi kupitirira, ndipo m'chipinda cha malata chopanda siling'i kumaposa pamenepo, chonsecho kampani ngati Apple imalangiza kuti makina ake asagwire ntchito pamalo otentha koposa madigiri 35. Ndi nyengo yomweyo pamene fumbi la m'misewu ya Chinamwali, Matawale ndi Sadzi limalowa m'nyumba. Kafani kamakoka fumbilo pamodzi ndi ulusi wa zofunda, ndipo pakapita miyezi timipata totulukira mphepo timatsekeka ngati sefa yosatsuka. Wophunzira wopanda tebulo amaika makina pabulangete, n'kutseka ndi timabowo ta pansi tomwe.

Paphiri zinthu n'zosiyana. Nsonga ya Malumbe imapitirira mamita 2,000, ndipo mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera. Laputopu imene imalira m'tawuni imakhala chete ku Ku Chawe, umboni wakuti nthawi zambiri cholakwa ndi malo amene makina aikidwa. Komabe phirilo lili ndi mdani wake: chifunga ndi chinyezi cha mu Juni ndi Julaye, chimene chimadyetsa dzimbiri tizitsulo ta m'kati.

Magetsi nawo amawonjezera mavuto. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Janyuwale 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. M'nyengo zotere batire limaphwa mpaka kutheratu, kenaka limatchajidwa mothamanga uku makina akugwira ntchito yolemetsa, pamene kutentha kumachuluka. Magetsi obwera mwamphamvu akayaka amaotcha chaja, ndipo mwini wake amathamangira chaja yotsika mtengo yosayenerana ndi makinawo.

Zambiri mwa izi zili ndi mankhwala osalira ndalama zochuluka. Safunsa adadya phula: wogula ayatse makina m'shopu momwemo kwa theka la ola, amvetsere kulira kwa kafani, agwire pansi pake, aone ngati batire latupa, ndipo asachoke wopanda lisiti yonena masiku amene angabweze katunduyo. Mwini makina aziwaika pathabwa kapena patebulo, kumbuyo kwake atakweza pang'ono, ndipo kamodzi pachaka, dzuwa la Okutobala lisanafike, awapereke kwa mmisiri wodziwa kuti achotse fumbi ndi kupaka phala latsopano. Batire lotupa lichotsedwe msanga, pakuti lingathe kuyaka. Koposa zonse, ntchito yofunika isungidwe pamalo awiri, pafulashi ndi pa intaneti.

Pali mbali ina imene munthu payekha sangaithe. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, liri ndi bungwe la Competition and Fair Trading Commission ndiponso la Malawi Bureau of Standards. N'koyenera kuti wogulitsa laputopu ya kaunjika azikakamizidwa kunena chaka chimene idapangidwa ndi kupereka chitsimikizo cholembedwa, ngakhale cha miyezi itatu. N'koyeneranso kuti bungwe la TEVETA lilimbikitse maphunziro a amisiri okonza makompyuta, ndi kuti sukulu zophunzitsa Computer Studies ziziphunzitsa ana kasamalidwe ka makina pamodzi ndi kagwiritsidwe kake. Popanda izi, ndalama zakunja zimene dziko likusowa zidzapitirira kuthera pa makina okhala chaka chimodzi.

Gawo lachitatu lidzanena za kumene malaputopu akufa ndi mabatire ake amatayidwa, ndi chimene zinyalala zoterezi zingachite zikafika mumtsinje wa Likangala, umene umathira m'nyanja ya Chilwa.