MIZU YA PA MSIKA NAYO IPIMIDWE MONGA UNGA

Mu Ogasiti caka ca 2024, nduna ya zaumoyo pa nthawiyo, a Elijah Muchima, analengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya cakudya copangidwa ndi cimanga cokhala ndi poizoni wochedwa aflatoxin. Boma litapima unga wocokera ku makampani ogaya cimanga, pafupifupi theka la zitsanzo 25 zinapezeka ndi poizoniyo wopitirira muyeso. Nkhani inali pakamwa pa aliyense m'mabasi ndi pa mipope, ndipo amai ambiri anayamba kufunsa bwino asananyamule thumba la unga.

Koma pali cinthu cina cimene cimalowa m'mimba mwa anthu a ku Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George tsiku ndi tsiku, cimene ambiri sanaciganizire pa nthawiyo. Cinthuco ndi mankhwala acikuda: mizu, makungwa, masamba ouma ndi mankhwala osinja amene amagulitsidwa pa Soweto, pa City Market ndi m'tumisika twa m'makomboni. Cuku cimene cimaononga cimanga ndi nshawa cimameranso pa muzu ndi pa khungwa. Conco mankhwalawa afunika kupimidwa ndi kusamalidwa monga unga wa nsima, ndipo banja lililonse liyenera kuwayang'ana ndi diso lomwelo.

KODI POIZONIYU NDI WOTANI?

Aflatoxin amapangidwa ndi cuku ca mtundu wochedwa Aspergillus flavus ndi cinzace Aspergillus parasiticus. Cukuci cimakhala m'nthaka, ndipo cimakonda malo otentha ndi a cinyezi. Cimamera pa cimanga, nshawa, mapira, tsabola wouma ndi comera ciliconse cimene casungidwa cisanaumitsitse. Poizoniyu anadziwika mu 1960 ku England, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa zitadya cakudya cokhala ndi nshawa zocokera ku Brazil.

Munthu akadya wambiri nthawi imodzi, ciwindi cimaonongeka m'masiku ocepa. Amasanza, m'mimba mumapweteka, maso amasanduka acikasu, miyendo ndi mimba zimatupa. Ndi zimene zinacitika ku Kenya mu 2004, makamaka m'maboma a Makueni ndi Kitui, kumene anthu 317 anadwala ndipo 125 anamwalira atadya cimanga cosungidwa conyowa.

Koma njira imene imavulaza anthu oculuka ndi ya pang'onopang'ono. Kadontho ka lero, kadontho ka mawa, kwa zaka, kamabweretsa khansa ya ciwindi. Nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la World Health Organization inaika aflatoxin m'gulu loyamba, la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa mwa anthu. Ofufuza anapezanso kuti ana odya poizoniyu kawirikawiri amakhala opinimbira. Pali poizoni wina wa cuku, ochratoxin A, amene amaononga impso.

Muno mu Zambia ngozi ndi yaikulu cifukwa ca kacirombo ka hepatitis B. Kafukufuku wa ZAMPHIA wa 2016 anapeza kuti mwa akuluakulu 100 alionse, 5 kapena 6 ali nako, ndipo ambiri sadziwa. Munthu wokhala ndi kacirombo aka akamadyanso aflatoxin, ngozi yake ya khansa ya ciwindi imaposa ya munthu wopanda kaciromboka pafupifupi ka 30. Katemera wa hepatitis B anayamba kuperekedwa kwa makanda m'dziko lino mu 2005. Amene anabadwa caka cimeneco cisanafike sanalandire ali ana, ndipo ndi iwowa amene lero amagula mutototo, moringa wosinja ndi mankhwala "otsuka magazi".

ULENDO WA MUZU

Wina anganene kuti makolo anamwa mizu kuyambira kale ndipo anakalamba. Ndi zoona. Koma sing'anga wa kumudzi anali kukumba muzu m'mawa, wodwala n'kumwa madzulo. Wotsala unali kupacikidwa kudenga pamwamba pa moto, pomwe utsi ndi kutentha zinali kuusunga wouma.

Muzu wa m'tauni uli ndi ulendo wina. Umakumbidwa kutali, umaikidwa m'thumba ukali wauwisi, umakwera lole kapena basi, ndipo umafika ku Lusaka utatenthedwa ndi thukuta lake lomwe. Pa msika umayalidwa pansi pa saka. Mvula ikayamba, kuyambira Novembala mpaka Marichi, wogulitsa amaufunditsa pulasitiki, ndipo pansi pa pulasitikiyo pamakhala kutentha ndi cinyezi, zinthu ziwiri zimene cuku cimafuna. Katundu wosagulidwa amagona m'kacipinda kosungiramo, mawa n'kuyalidwanso, mwezi ndi mwezi. Muzu ukayamba kusintha maonekedwe, njira yapafupi ndi kuusinja, cifukwa cosinja sicionetsa msinkhu wake. Kenaka umalowa m'kapepala ka pulasitiki kapena m'botolo lakale lopanda dzina ndi lopanda tsiku.

Kunyumba nako zinthu sizisintha. Nyumba ya cipinda cimodzi ya malata imatentha masana ndi kucita thukuta usiku. Ku Kanyama ndi mbali zina za Chawama, kumene madzi amadikha nthawi ya mvula, cinyontho cimakwera m'zipupa. Ndipo mankhwala amtunduwu kawirikawiri amabisidwa: kunsi kwa bedi, kuseri kwa kabati, kuti ana kapena amuna a m'nyumba asaone. Kumeneko ndi kumene kuli mdima ndi cinyezi.

Ofufuza a ku Kenya, Nigeria ndi India anapima mankhwala azitsamba ogulidwa m'misika ya kwao ndipo anapezamo cuku ndi aflatoxin. Nyengo yao ndi kasungidwe kao sizisiyana kwenikweni ndi za pa Soweto.

KUWIRITSA SIKUTHANDIZA

Kolera wa 2017 mpaka 2018 ndi wa 2023 mpaka 2024 anaphunzitsa anthu a m'makomboni kuwiritsa madzi, ndipo phunzirolo ndi labwino. Koma pa aflatoxin siligwira nchito. Madzi amawira pa madigiri pafupifupi 100, pamene poizoniyu amafuna kutentha kopitirira madigiri 250 kuti asweke. Moto wa mbaula umapha cuku, koma poizoni amene cukuco cinasiya amatsalira m'mankhwala. Kuviika muzu m'kacasu ndiye kuonjezera tsoka, pakuti mowa umasungunula poizoniyu bwino kuposa madzi, ndipo nawonso umadya ciwindi comweco.

Maso nawo sathandiza nthawi zonse. Cuku cikaculuka cimaoneka ngati fumbi lobiriwira mopita ku cikasu, koma cikapukutidwa kapena kusinjidwa pamodzi ndi muzu, sicioneka. Poizoni weniweniyo alibe fungo ndipo lilime silimuzindikira, makamaka m'mankhwala amene ndi owawa kale.

Comvetsa cisoni n'cakuti amene amamwa mankhwalawa ndi odwala kale. Wa cifuwa ca TB amamwa mapiritsi kwa miyezi 6, ndipo mapiritsiwo amalemetsa ciwindi. Wa ma ARV naye ciwindi cake cili pa nchito masiku onse. Khanda limene likupatsidwa mankhwala a liwombo m'phala limalemera makilogalamu ocepa, motero kapoizoni kocepa kwa ilo ndi kambiri. Mai woyembekezera amagawana ndi mwana wa m'mimba zimene wamwa, ndipo woyamwitsa amapatsira kudzera m'mkaka.

SI NKHONDO NDI ASING'ANGA

Kunena izi si kunyoza zitsamba. Kwinini anacokera ku khungwa la mtengo wa ku South America, ndipo mankhwala a malungo a Coartem anayambira ku citsamba ca ku China. Kusiyana kwake n'kwakuti mankhwala amenewo amapimidwa asanafike kwa wodwala. Ndiponso anthu sapita ku mizu cifukwa ca umbuli. Ena amapita cifukwa mzere wa ku kiliniki ndi wautali, ena cifukwa anapatsidwa kapepala kuti akagule okha mankhwala ndipo ndalama panalibe, ena cifukwa asing'anga amawamvetsera mosathamanga. Kuwauza kuti aleke ndi kutaya mau. Cofunika ndi cakuti cimene akumwaco cikhale coyera.

Miyeso ilipo kale. Maiko a ku Europe salola aflatoxin B1 kupitirira mamaikulogalamu 2 pa kilogalamu imodzi ya mankhwala azitsamba, ndipo maikulogalamu imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a galamu. World Health Organization inatulutsa mu 2007 malangizo a kapimidwe ka zoipa za m'mankhwala azitsamba. Lamulo la dziko lino la mankhwala la 2013, limene linakhazikitsa Zambia Medicines Regulatory Authority, limakhudzanso mankhwala azitsamba. Ndipo zocitika za 2024 zinaonetsa kuti dziko lili ndi anthu ndi zipangizo zopimira aflatoxin.

Cotero bungwe la ZAMRA pamodzi ndi oyang'anira zaumoyo a Lusaka City Council ayenera kumatenga zitsanzo m'misika, makamaka mvula ikamatha, ndi kulengeza zotsatira pa wailesi m'Cinyanja. Mankhwala alionse ogulitsidwa m'botolo kapena m'paketi akhale ndi dzina la wopanga ndi tsiku limene anapangidwa. Bungwe la asing'anga la THPAZ nalo lili ndi mbali yake: kuphunzitsa mamembala kuwaza mizu tizidutswa ting'onoting'ono, kuyanika pa thandala osati pa dothi, kuumitsa mpaka muzu uthyoke ndi kulira, ndi kutaya katundu amene wanyowapo. Sing'anga wosunga bwino mankhwala ndiye ayenera kukhala woyamba kupempha kuti apimidwe, cifukwa dzina lake limaipitsidwa ndi ogulitsa osasamala.

ZIMENE BANJA LINGACITE LERO

Wogula asankhe muzu wathunthu umene angauone ndi kuuthyola, osati wosinja kale. Afunse kuti unakumbidwa liti. Safunsa anadya phula. Muzu wofewa, wa madontho, wa fumbi lobiriwira kapena lakuda, wobooledwa ndi anankafumbwe kapena wonunkha cinyontho usagulidwe, ngakhale utatsika mtengo. Agule wocepa wokwanira masiku ocepa, ausunge pamalo okwera ndi opita mphepo, osati m'pulasitiki womanga. Ngati mbali ina yacita cuku, ataye wonse, ndipo asapatse nkhuku kapena galu. Mizu ya munkoyo ndi nshawa zosinjira ndiwo ziyang'anidwe motero.

Makanda, amai oyembekezera, oyamwitsa ndi onse odwala ciwindi asapatsidwe mankhwala osinja osadziwika kumene acokera. Munthu wamkulu aliyense apemphe kupimidwa hepatitis B. Ndipo amene waona maso acikasu, mkodzo wakuda ngati tiyi, kutupa kwa mimba kapena kupweteka kunsi kwa nthiti za kudzanja lamanja apite msanga ku kiliniki kapena ku cipatala ca Kanyama, Matero kapena Chawama, atanyamula mankhwala onse amene wakhala akumwa. Asabise. Wa cipatala akadziwa cimene calowa m'thupi amathandiza msanga, ndipo anamwino nawo aleke kukalipira wodwala amene waulula kuti anamwa mizu, popeza wokalipiridwa lero mawa adzabisa.

Agalu 400 anacititsa kuti unga upimidwe. Khansa ya ciwindi siicita phokoso lotero: imatenga munthu mmodzi ku George, wina ku Mtendere, patapita zaka, ndipo pa maliro palibe amene amakumbukira kabotolo ka kunsi kwa bedi. Boma lisadikire maliro a anthu ambiri tsiku limodzi kuti liyambe kupima mizu ya pa msika.