Ndani anakuuzani kuti mutu wanu ndi wouma?

Pali mawu ena amene amayenda pa sukulu pano ngati chimfine, ndipo ine ndatopa nawo. "Ine Masamu sandilowa, mutu wanga ndi wouma." "Anzeru anapita ku sukulu zogonera konko, ife a ku CDSS ndife zotsalira." Timayankhula ndife tomwe, nthawi zambiri moseka, koma chinthu ukamachinena tsiku ndi tsiku umayamba kuchikhulupirira. Pofika Fomu 2 wina wasiya kale kulemba ntchito ya Masamu, wasamukira kumbuyo kwa kalasi, akungodikira belu. Ine ndikuti mawu amenewa ndi bodza, ndipo umboni wake uli mu phunziro lija la Bayoloji la ubongo ndi minyewa, limene ambirife timangoloweza chithunzi chake kuti tikachilavule pa mayeso.

Ubongo wa munthu wamkulu sufika n'komwe kilogalamu imodzi ndi theka, paketi ya shuga ndi kanthu pang'ono basi. Koma m'menemo muli maselo otchedwa ma neuron okwana pafupifupi 86 biliyoni, chiwerengero chimene Suzana Herculano-Houzel wa ku Brazil ndi anzake anatulutsa mu 2009. Mutati muziwerenga imodzi pa sekondi iliyonse, osadya, osagona, mungathe zaka zoposa 2,700. Neuron iliyonse ili ndi tinthambi tambirimbiri tolandirira uthenga, ma dendrite aja, ndi kachingwe kamodzi kotumizira uthenga, axon. Chimene chithunzi cha m'kope mwathu sichionetsa bwino ndi chakuti ma neuron sagundana. Pamene axon ya ina yakumana ndi nthambi ya inzake pamatsala kampata kakang'ono kwambiri, ndipo malo okumaniranawo ndi amene amatchedwa synapse. Uthenga umathamanga ngati magetsi mu axon, ukafika pa kampatako umaoloka ngati timankhwala, monga munthu wotsika njinga n'kukwera bwato pa mtsinje wopanda mlatho. Neuron imodzi imatha kukhala ndi madoko oterewa masauzande. Zonse zimene mukudziwa, dzina la agogo anu, njira ya kuchigayo, yankho la 7 kuchulukitsa ndi 8, zimasungika m'mene ma neuron alumikizirana pa madoko amenewa. Ndipo madokowa amasintha.

Munthu amene anaonetsa dziko kuti ma neuron ndi maselo osiyana, okhala ndi mipata pakati pawo, ndi Santiago Ramón y Cajal wa ku Spain, wobadwa mu 1852. Mbiri yake imandisangalatsa. Ali mwana anali wovuta koopsa, wosamvera aphunzitsi, wongokonda kujambula. Ali ndi zaka 11 anam'tsekera m'chitokosi chifukwa anapanga chimfuti n'kuphwanya nacho geti la nyumba yoyandikana nawo. Bambo ake atatopa naye anam'tumiza kukaphunzira kumeta tsitsi, kenako kusoka nsapato. Akanakhala pano tikanati ameneyu sukulu yam'kana. Koma ndi yemweyo amene anadzakhala zaka zambiri akuyang'ana tizidutswa ta ubongo pa maikulosikopu n'kumajambula zimene akuona, mpaka analandira mphoto ya Nobel mu 1906 limodzi ndi Camillo Golgi wa ku Italy. Luso lojambula lomwe ankam'kalipira nalo lija ndi limene linam'thandiza.

Tsono tiyeni tione mmene ubongo umamangidwira, chifukwa nkhani yagona pamenepa. Umayamba pa sabata yachitatu ndi yachinayi ya pathupi, nthawi zambiri mayi asanadziwe n'komwe kuti ndi woyembekezera, ngati kapaipi kakang'ono kumsana kwa mluza. Ma neuron amabadwira m'kati mwa kapaipiko, kenako amasamuka. Amakwawa kupita kunja akutsata tizingwe ta maselo ena, ngati nyemba zoyanga pa phesi la chimanga, mpaka iliyonse itafika pamalo pake. Chikuto cha kunja cha ubongo chimasanjika mizere isanu ndi umodzi, ndipo obadwa pambuyo amadutsa akulu awo n'kukakhala pamwamba. Pomwe mwana akubadwa, ma neuron ake ambiri amakhala alipo kale.

Apa wina anena kuti, "Mwaonatu, ndiye kuti zonse zinatha tisanabadwe." Ayi aise, dikirani. Ubongo wa khanda umalemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a ubongo wa munthu wamkulu. Zambiri zimawonjezeka pambuyo pake: nthambi, ma synapse, maselo othandizira, ndi mafuta otchedwa myelin amene amakuta axon ngati pulasitiki wokuta waya wa magetsi. Mu axon yopyapyala yosakutidwa uthenga umayenda pafupifupi mita imodzi pa sekondi, pamene mu yonenepa yokutidwa bwino umatha kufika mamita 100. M'zaka zoyambirira ubongo umapanga ma synapse ochuluka kuposa amene ukufunika, kenako umayamba kuchotsa ena. Peter Huttenlocher wa ku Chicago anachita kuwawerenga mu ubongo wa anthu a misinkhu yosiyanasiyana ndipo anaonetsa zimenezi mu 1979. Aliyense amene anapatulirako chimanga akudziwa chifukwa chake: zikamera zambiri pa phando limodzi umazula zina kuti zotsalazo zibereke. Ubongo nawo umasunga malumikizano amene akugwira ntchito, osagwiritsidwa ntchito n'kumafota.

Ntchito yopatulira ndi yokuta mawaya imeneyi siithera ku pulayimale. Mbali ya kutsogolo, kuseri kwa chipumi, imene imatithandiza kukonza mapulani, kudziletsa ndi kuganizira mawa, ndi imene imamalizika mochedwa kwambiri, cha m'ma zaka 25. Ife mayeso a Sitandade 8 tinalemba tili ndi zaka 13, 14, ena 15. Mayesowo anayeza zimene tinali nazo m'masiku ochepa amenewo, ena tikuchokera m'kalasi ya ana oposa 100 ndi mphunzitsi mmodzi, ena tikudwala malungo, ndipo malo a ku sukulu zogonera ndi ochepa ngakhale onse atakhoza bwino chotani. Kunena kuti mayeso amenewo anagamula nzeru zathu mpaka kalekale kuli ngati kuweruza nyumba ili pa mawindo, denga lisanaikidwe, amisiri akadali pa ntchito.

Ndipo mmisiri wina ndi mwini mutuyo. Mu 1949 Donald Hebb wa ku Canada anapereka ganizo lakuti neuron ikamadzutsa inzake mobwerezabwereza, kulumikizana kwawo kumalimba. Mu 1973 Tim Bliss ndi Terje Lømo anaonetsa zinthu zotere zikuchitikadi mu ubongo wa akalulu. Eric Kandel ku America anatha zaka zambiri akufufuza nkhono ya m'nyanja yamchere yotchedwa Aplysia, chifukwa ma neuron ake ndi akuluakulu ndiponso ochepa (akulu aja anati kuona maso a nkhono n'kudekha, uyu anadekha mpaka kuona minyewa yake). Anapeza kuti nkhonoyo ikaphunzitsidwa kanthu kamodzi kokha, synapse imalimba kwa kanthawi kenako n'kubwerera mwakale. Koma ikaphunzitsidwa mobwereza, mopumira, neuron imamera ma synapse atsopano ndipo zimene yaphunzirazo zimakhala masabata. Iyenso analandira Nobel mu 2000. Ngati nkhono ikumera ma synapse atsopano, inu a Fomu 2 mwalakwa chiyani?

Mwina muti zimenezo ndi za nyama. Chabwino, nayi ya anthu, akuluakulu kale. Kuti munthu aloledwe kuyendetsa takisi zakuda zija za mu London amayenera kuloweza misewu pafupifupi 25,000, ndipo zimam'tengera zaka zitatu kapena zinayi. Eleanor Maguire ndi anzake anajambula ubongo wa madalaivala amenewa ndipo mu 2000 anaonetsa kuti mbali ya kumbuyo ya hippocampus, kachigawo kothandiza kukumbukira malo ndi zochitika, inali yokulirapo poyerekeza ndi ya anthu ena. Panali funso lakuti mwina anabadwa choncho. Ndiye anatsatira ophunzira ntchitoyi kuyambira pachiyambi, ndipo zotsatira za mu 2011 zinaonetsa kuti poyamba panalibe kusiyana, koma amene anapirira mpaka kukhoza, kachigawoko kanakula. Ndikamaona achimwene a kabaza amene amadziwa kanjira kalikonse, nyumba iliyonse ndi chenje cha aliyense osalemba paliponse, koma n'kumati "ine sukulu inandikanika, mutu wouma", ndimangoti kaya anawanamiza ndani.

Sindikuti tonse ndife ofanana, kapena kuti tonse tidzapeza mapointi 6 pa MSCE. Wina amamva kamodzi, wina mpaka kasanu, ndipo zimapweteka ukakhala wa kasanuyo. Komanso pali zinthu zimene zimavulazadi ubongo ukamakula: kunyentchera mwana ali wamng'ono, kusowa kwa ayodini mayi ali woyembekezera, malungo a mu ubongo. Palinso zitseko zina zimene zimatsekeka msanga. David Hubel ndi Torsten Wiesel anatseka diso limodzi la ana amphaka kwa miyezi yoyambirira, ndipo atalitsegula silinkaonanso bwino, pamene mphaka wamkulu atam'chita zomwezo sanavutike. Koma taonani chimene chinachitika pamenepo. Diso lenilenilo linali labwinobwino. Ma neuron a mu ubongo amene akanalitumikira anatengedwa ndi diso linalo chifukwa ili silinkatumiza uthenga. Masamu, Chingerezi ndi Fizikisi alibe chitseko chotsekeka msanga chonchi, anthu amaphunzira ali ndi zidzukulu. Koma amene analengeza ku Fomu 1 kuti Masamu si ake n'kusiya kuwagwira, akudzitseka diso yekha, ndipo pofika Fomu 4 adzanena kuti "ndinkanena ine". Ulosi wotere suvuta kukwaniritsa.

Chimene chimandidandaulitsa kwambiri ndi chakuti ngakhale amene timalimbikirafe, kawerengedwe kathu kamalimbana ndi mmene ubongo umagwirira ntchito. Njira ya m'tchire imaoneka chifukwa choyendamo anthu, ndipo imene imalimba ndi yokhayo imene mwayendamo. Mukakhala maola awiri mukukopera manotsi a mnzanu, mwalimbitsa njira yokopera. M'chipinda cha mayeso mulibe chokopera, muli pepala loyera ndi funso, ndipo chofunika ndi kutulutsa zimene zili m'mutu. Njira yotulutsirayo imalimba pokhapokha mukamatseka kope n'kuyesa kukumbukira, kusova funso osaona yankho, kufotokozera mnzanu mpaka amve. Zimawawa, umadziona ngati mbuli, n'chifukwa chake timathawira kowerenga mobwereza kumene kumakoma. Ife oyenderafe tili ndi mwayi umodzi umene sitiuona: ola lathunthu la pa msewu m'mawa ndi masana, tili awiri kapena atatu. Mmodzi afunse, wina ayankhe, osatsegula chikwama.

Nanga zobooleza zija? Mayeso akayandikira timamva kuti uje wagona ola limodzi lokha, miyendo ili m'beseni la madzi ozizira kuti asawodzere, ndipo timam'patsa ulemu ngati msilikali. Mu 1994 Matthew Wilson ndi Bruce McNaughton anapeza kuti ma neuron a mu hippocampus ya makoswe amene ankayaka limodzi khoswe akufufuza malo masana, ankayakanso limodzi khosweyo ali m'tulo. Ubongo umabwereza zimene waphunzira munthu ali mtulo, ndipo kubwereza kumeneko n'kumene kumathandiza kuzikhazikitsa. Madokotala amati a msinkhu wathu amafunika kugona maola 8 mpaka 10. Ndikudziwa kuti ambirife tikafika kunyumba pali madzi otunga, mbuzi, kudimba, ndipo tochi imatha mabatire, moti maola 10 ndi nthano. Koma kudzilanda dala tulo tochepa timene tili nato kuti tiloweze za zaka ziwiri m'masiku atatu, kuli ngati kuthira madzi m'dengu. Nkhono ya Kandel ija inkasunga nthawi yaitali ikaphunzitsidwa pang'onopang'ono masiku angapo, osati zonse tsiku limodzi. Za mowa ndi chamba sindichulutsa, mwamva zambiri pa asembule. Ndingoti mankhwala amenewa amakagwira ntchito pa synapse penipeni, pa nthawi imene ubongo ukusankha zosunga ndi zozula.

Aphunzitsi athu, ndi ulemu wonse, inunso mumaima pa bolodi pano ndipo mawu anu amalemera kuposa athu. Mwana akalakwa funso n'kumva kuti "iwe ndiye usamavutike, udikire kukwatiwa", sakwezanso mkono chaka chonse, ndipo njira ija imamera udzu. Ambiri mwa inu simutero, ndipo timakuthokozani. Koma ngakhale mmodzi yekha akatero, kalasi yonse imaphunzira kuseka wolakwa, ndipo kuyambira pamenepo oyankha amakhala anayi omwe aja a kutsogolo.

Anzanga, musangondikhulupirira chifukwa ndatchula mayina a azungu ambiri. Sankhani mutu umodzi umene munaulembera kalata yosudzula, kaya ndi ma fraction, kaya ma mole, kaya ma tense a Chingerezi. Muziupatsa mphindi 20 tsiku lililonse kwa masabata atatu, kope lotseka, funso limodzi kapena awiri, mukalakwa muone pamene mwaphonya n'kuyesanso mawa lake, ndipo usiku muzigona. Masabata atatuwo akatha, lembani zimene zachitika mudzapachike pano pambali pa pepala langali, ngakhale zitakhala zonditsutsa. Malo alipo, ndasiya dala mpata kumanjaku.

Mnzanu wa Fomu 3