Mainchi Sagoletsa

Tinali anayi m'nyumba ya zipinda ziwili ku Chilenje, ndipo kwa miyezi isanu aliyense anali kuponya kangacepe m'kabokosi ka nsapato mwezi ukatha. PS4 tinali nayo kale, yogula kwa munthu. Vuto inali TV. Inali ya mainchi 32, yosiyidwa na amalume a mmodzi wa ife, ndipo anzathu akabwela pa Ciwelu anali kuiseka ati ni foni yopacika pacipupa. Conco tsiku lotsegula kabokosi tinamvana cinthu cimodzi cabe: TV yatsopano ikhale yaikulu. Palibe anafunsa funso lina.

Tinaipeza m'shopu ina mu tauni. Mainchi 55, dzina limene sitinalimvepo, kapepa ka 4K pakona, mtengo wotsika kuposa TV ya mainchi 43 ya makampani odziwika. Inali kuonetsa vidiyo ya zinkhwe na mathithi, mitundu yowala mpaka kulasa m'maso. Tinalipila osanenelela n'komwe. Madzulo tinaika FIFA. Utinika batani kuti upase bola, koma pamene player wako aponya mwendo, difenda wafika kale. Tinanamizila controller, tinanamizila disiki, tinafika ponamizilana tekha-tekha kuti wina wayamba kukalamba. Pambuyo pa masiku atatu mmodzi analumikiza PS4 ku ka TV ka amalume, ndipo bola inayambanso kumvela. Cimphona cathu cinali kucedwa.

Ticula nkhaniyi cifukwa tidziwa kuti si ife tekha. November ikafika, mashopu a ku Manda Hill, Levy na Kamwala adzadzala na zikwangwani za Black Friday, ndipo ambili a ife tidzalowa na funso limodzi lija: ni mainchi angati pa ndalama izi? Ife manje tikamba kuti kwa munthu wogula TV cifukwa ca game, ndalama zili zocepa, ukulu uyenela kukhala funso lothela.

Funso loyamba ni kucedwa kumene kunatigwetsa ife, kumene pa intaneti mudzakupeza na dzina lakuti input lag. Ni nthawi imene ipita kucokela pamene console yatumiza cithunzi kufika pamene cionekela pa skilini. TV siionetsa cithunzi mmene cabwelela. Iyamba yacikonza: kucotsa tumadontho, kunola m'mbali, kuwonjeza mitundu, ndipo zina zipanga zithunzi zawo-zawo n'kuziika pakati kuti zinthu zizioneka monga ziyenda mosalala. Pa filimu palibe vuto, cifukwa filimu siiyembekeza cala canu. Pa game ni imfa. FIFA, imene kucokela mu 2023 ichedwa EA Sports FC, ionetsa zithunzi 60 pa sekondi, kutanthauza cithunzi cimodzi pa mamilisekondi pafupi-fupi 17. TV yabwino ikaikidwa pa Game Mode icedwa na mamilisekondi 10 kufika 20 cabe. TV imene ikali kukongoletsa cithunzi ingacedwe kupitilila 100. Apo ndiye kuti muona zimene zinacitika zithunzi 6 kumbuyo. Pa Tekken kapena Mortal Kombat, mnzanu wakumenyani kale imwe mukali kuona nkhonya ibwela.

Game Mode ndiyo izima zokongoletsa zonsezo. Samsung, LG, Hisense, TCL na Sony ali nayo olo pa ma TV awo ochipa, ndipo ena ali na ALLM, imene iyatsa Game Mode yokha ikamva console. Yathu ya mainchi 55 inalibe. Tinafufuza menu yonse, mpaka zinenelo zimene sitidziwa. Ndipo ngati muli na TV kale imene muidandaula, yambani mwaona ngati Game Mode ni yoyatsa. Tadziwa anthu amene anafuna kugulitsa TV yabwino-bwino cifukwa ca setting imodzi.

Cinthu caciwili ni manambala a pa katoni. Mukaona 120 olo 240 pafupi na mau monga Motion Rate kapena TruMotion, musathamange. Amenewo ni maina amalonda a kakonzedwe ka cithunzi kaja. Skilini yeniyeni ya ma TV ambili ochipa ni ya 60Hz. Ndipo 60Hz si yoipa. PS4 siipitilila apo. Ni PS5 na Xbox Series, zimene zinatuluka mu November 2020, zimene zifika pa 120, ndipo kuti mupeze 120 pamodzi na 4K pafunika PS5 kapena Series X, skilini ya 120Hz yeniyeni na pulagi ya HDMI 2.1. TV yotelo si ya ndalama za m'kabokosi ka nsapato, komanso si magemu onse amene aseweletsa 120.

Nanga 4K? Apa tiyeni tikambe mosamala, cifukwa ena apitilila malile n'kumati 4K ni bodza. Si bodza. Full HD ili na tumadontho pafupi-fupi 2 miliyoni, 4K ili na topitilila 8 miliyoni, ndipo pa PS5 mutakhala pafupi kusiyana kuoneka. Koma PS4 wamba, imene ili m'manyumba ambili na m'tumashopu twa game m'makomboni, itulutsa 1080p basi. PS3 magemu ake ambili ni 720p. TV ya 4K itenga cithunzi cimeneco n'kucitambasula, ndipo TV yochipa kwambili icitambasula moipa. Masiku ano ma TV ambili oyambila mainchi 43 kupita kumwamba abwela ali 4K kale, conco musaikane. Cimene tikana ni kulipila ndalama yapadela cifukwa ca kapepa ka pakona, pamene console yanu siifika kumeneko. Cimodzi-modzi na HDR: TV yochipa ingalandile HDR, koma ilibe kuwala kokwanila kuionetsa bwino, ndipo nthawi zina cithunzi cimangoda. Samalaninso na mau akuti HD Ready. Atanthauza 1366 x 768, pansi pa Full HD, ndipo pa skilini yaikulu mudzawelenga tumadontho na maso.

Manje tibwele ku cipinda cimene tikhalamo zoona, osati ca pa Instagram. Mainchi a TV apimidwa kucokela pakona kufika pakona ina. Ya 43 ni yotambalala masentimita pafupi-fupi 95, ya 55 ni 122, ya 65 ni 144. Tengani tepi mupime cipupa, mupimenso kucokela pa mpando kufika pacipupa. Kwathu panali mamita awili osakwana. Pa mtunda wotelo 43 idzaza maso bwino-bwino. Pa 55 tinali kutembenuza khosi kuti tione ka mapu ka pansi na nthawi ya pamwamba, monga tili ku Heroes Stadium mzela woyamba.

Palinso cina cimene ogulitsa sakamba, koma kwa ife n'cacikulu. Ife sitisewela tekha. Game ya pa Ciwelu ni anthu 7 olo 8, awili pa mpando, ena pa bedi, ena pa zigubu m'mbali kuyembekeza woluza apeleke controller. Ma skilini ali mitundu iwili ikulu-ikulu. VA ili na mdima wakuda bwino, yokoma usiku, koma ukakhala cam'mbali mitundu ifwifwa. IPS mdima wake ni wotuwilako, koma onse m'cipinda aona cimodzi-modzi. Simufunika kuloweza maina. M'shopu imani kutsogolo kwa TV, ndiyeno yendani masitepe atatu kumbali. Ngati nkhope za anthu zasanduka phulusa, ganizilani anzanu a pa zigubu.

Ndiye pali malaiti. Amene tinakhala mu Lusaka mu 2024, madzi atatsika ku Kariba cifukwa ca cilala, sitifunika kukumbutsidwa. Ambili tinaphunzila kuwelenga ma watts monga mmene tiwelengela ma bundle. PS5 ikakhala pa game idya pafupi-fupi ma watts 200, PS4 icepelako. TV ikakula, njala yake ikulanso, ndipo ya 65 ingadye pafupi-fupi kawili kuposa ya 43. Pa inverter yaing'ono na batili imodzi, kusiyana kumeneko ndiye kunena ngati mudzatsiliza tournament kapena mudzathela mu semi-final mumdima. Nambala yake ilembedwa pa kapepa kumbuyo kwa TV, iwelengeni. Ndipo pa bajeti siyani ndalama ya TV guard. Malaiti akabwela mwamphamvu, ni ka board ka mkati kamene kapsa, ndipo TV ya dzina losadziwika spare yake mudzaifuna tauni yonse.

Tidziwa zimene ena adzakamba, ndipo ali na mfundo. TV ya m'nyumba si ya game cabe. Ni ya Premier League, ni ya Chipolopolo, ni ya amayi kuonelela Mpali, ndipo tisanamizane, ni ya ulemu. Mlendo akalowa n'kuona cipupa codzala, aona kuti pano pali anthu ogwila nchito. Ife tinaimva njala imeneyo, ndiye inatipeleka m'shopu ija. Ngati game ni ya kamodzi pa mwezi, gulani yaikulu, mulibe mlandu. Koma ngati mwasunga ndalama miyezi isanu cifukwa ca console, ndiye kuti 43 ya kampani yodziwika, yokhala na Game Mode na mapulagi a HDMI atatu, imodzi ya console, ina ya dikoda, ina ya laputopu, ipambana 55 yopanda dzina pa mtengo umodzi. Amene asewela yekha pa desiki angacite bwino koposa na monitor ya kompyuta ya mainchi 24 olo 27, koma iyo ni nkhani ya tsiku lina.

Pogula, nyamulani console m'cola. Zioneka monga misala, koma wogulitsa amene akhulupilila katundu wake sadzakana kuti muilumikize kwa mphindi zisanu. Vidiyo ya zinkhwe ija inapangidwa kuti TV iliyonse ioneke bwino. Game yanu ndiyo idzakamba zoona. Ngati mugula ya second hand pa Facebook Marketplace, ikani pa flash cithunzi coyela cokha-cokha na cakuda cokha-cokha. Pa coyela mudzaona mabala a buluu kapena ofiilila, cizindikilo cakuti tumalaiti twa kumbuyo twayamba kutha. Pa cakuda mudzaona tumadontho towala pamene sitiyenela kuwala. M'shopu, tengani lisiti yolembedwa model na nthawi ya warranty. Cikwangwani cakuti katundu wogulidwa sabwezedwa cisakuopseni: lamulo la Competition and Consumer Protection Act la mu 2010 liletsa zikwangwani zotelo, ndipo a CCPC alandila madandaulo. Ife izi tinazidziwa mocedwa, ndipo lisiti yathu inali kapepa kongolembedwa "TV 55" na siginecha.

Cimphona cikali pacipupa. Pa bola ya pa dikoda cicita bwino, ndipo alendo acitamanda. Ka 32 ka amalume kali pa tebulo pansi pake, ndipo ndiye pamene PS4 yalumikizidwa. Kabokosi ka nsapato tinakatsegulanso mu August.