Mpamba Usagone Pamtetete

Ana anga a geni, inu a pa Boma, pa Kamwendo, ku Mkanda ndi ku Kapiri, senderani pafupi ndikutsineni khutu.

Chitsegulireni chipata chatsopano cha Mchinji ndi Mwami mu Disembala 2022, ndimakuonani mukutsika m'galimoto ndi zitenje, sopo ndi zakumwa za ku Chipata. Ena mwakhazika sikelo pakhonde, mukugula soya ndi mtedza. Mtima wanga umakondwa. Koma dzuwa likalowa, chuma chonsechi mumachitsekera m'kachipinda kamodzi ka matabwa ndi malata, pafupi ndi mbaula ya mnzanu yosazimitsa bwino.

Ndinaziona ndi maso anga pa mdzukulu wanga. Golosale yake inapsa usiku umodzi. M'mawa ndinamupeza akufukula phulusa ndi kamtengo. Loko anali chikhomere, chitseko kulibe. Shuga anasungunuka n'kuuma ngati phula la pamsewu, ndipo kope lolembamo anthu a ngongole linapsera momwemo. Chimene sichinapse ndi ngongole yake ya ku banki m'khonde. Achibale tinasonkha, koma zimene tinapeza zinangokwana ufa wa mwezi umodzi. Mpaka lero akugulitsa tomato pathumba. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mukamva za inshuwalansi mumati n'za mabwana a ku Lilongwe. Ayi ndithu. Paja pamaliro timasonkha, khomo lililonse kambale ka ufa, kuti wofedwa asasenze yekha. Inshuwalansi ndi msonkhe womwewo, kungoti osonkhawo ndi zikwi za anthu osadziwana, ndipo amasonkheratu tsoka lisanafike. Mutu umodzi susenza denga, koma denga la sitolo yakupsa ngakhale mitu ya banja lonse singalithe.

Wina anandiyankha kuti, "Agogo, nanga chaka chikatha osapsa, ndalama zanga zapita?" Ndinamufunsa ngati kukacha osabedwa amakalanda malipiro a mlonda wake. Enanso amati kulipira za ngozi n'kudziitanira minyama. Tsoka silinunkha, ana anga, ndipo silidikira kuitanidwa.

Tsono apa mvetserani bwino, chifukwa ambiri amalirira pano. Safunsa anadya phula. Makampani a inshuwalansi alipo, monga NICO General, Britam ndi General Alliance, ndipo amene amawayang'anira ndi Reserve Bank of Malawi. Wobwera ndi chikwama n'kumati ndi wothandizira kampani, akuonetseni chiphaso chake, ndipo ndalama zanu zisachoke popanda lisiti. Musasaine pepala limene simunalimve. Moto ndi nkhani ina, kuthyoledwa ndi akuba ndi ina, katundu wowonongeka paulendo ndi inanso. Funsani kuti mwagula iti, ndiponso ngati imagwira ntchito mukadutsa Mwami. Inu a kabaza wa njinga zamoto, dziwani kuti inshuwalansi ija imene lamulo limakakamiza imalipira munthu amene mwamugunda, osati njinga yanu.

Sungani malisiti oodera katundu, ndipo muziwajambula pafoni pamodzi ndi mashelefu anu, chifukwa pepala limapsa. Tsiku la tsoka kampani idzafuna umboni. Katundu wolowa usiku m'njira zamadulira, wopanda mapepala a MRA, mudzamuikira umboni wotani? Izi ndanena mwadala, eni ake adzimva.

Kumbukiraninso kuti mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Amene analembetsa katundu wake pa mtengo wakale n'kungokhala, akapsa adzalandira zosakwana kudzazanso mashelefu. Chaka chilichonse kakonzetseni chiwerengerocho.

Ngati benchi yanu ndi yaing'ono moti nokha mukuopa kukaonekera ku ofesi, pitani pagulu. Komiti ya msika isamangotolera za maliro ndi za mlonda. Iitane makampani awiri kapena atatu, adzafotokoze m'Chichewa pamaso pa onse, mufananitse mitengo.

Ndalama za soya ndi mtedza zikalowa chaka chino, musanakwere galimoto yokaoda ku Chipata, patulani kangachepe mukafunse mtengo wotetezera zimene muli nazo kale. Chonde, ana anga, ndisadzapezenso wina wa inu akufukula phulusa ndi kamtengo.