Penti ya kuchipinda si jezi ya timu

Anzanga, ndikulemba izi maso akundiwawa, ndipo palibe amene ndingamuloze chala koma ine ndemwe.

Chaka chatha bambo atagulitsa soya anati chipinda chomwe timagona ine ndi mng'ono wanga chipakidwe penti. Chimangidwire nyumba yathu, makoma ake anali a pulasitala basi. Anandipatsa ndalama n'kunena kuti, "Pita ku hadiweya ukasankhe wekha mtundu, ndiwe wamkulu." Amene mumandidziwa mukudziwa kuti ine ndi wa Manoma chibadwire, ndiye simungafunse kuti ndinabwera ndi chiyani. Buluu woderako, penti ya mafuta yonyezimira ija. Mng'ono wanga, yemwe ndi wa Bullets, anachita kukwiya kuti amafuna yofiira. Mayi anangofunsa kuti, "Bwanji osagula kirimu?" Ndinawayankha kuti kirimu ndi mtundu wa kuchipatala. Sanawonjezerenso mawu.

Masana chipinda chinkaoneka bwino zedi, mpaka ndinaitana anzanga kuti adzaone. Vuto linadza dzuwa litalowa. Kwathu magetsi sanafike, timawerengera kanyali ka sola. Kanyali komweko kamene kale kankawalitsa chipinda chonse, tsopano kamangowalitsa pabuku pokha, kwina konse mdima bii, ngati ndalowa m'phanga. Ndikawerenga ola limodzi, maso ayamba kulemera, tulo tabwera.

Chomvetsa manyazi n'chakuti chifukwa chake tinaphunzira m'kalasi mwa Physics. Chinthu choyera chimabweza kuwala kochuluka, pomwe chakuda chimameza. Ndinakhoza funso limeneli pa mayeso a teremu, koma nditafika ku hadiweya ndinaiwala zonse. Khoma loyera lili ngati nyali yachiwiri yomwe sifuna batire.

Mwina mukuti, "Aise, ungopakanso basi." Nanenso ndinaganiza choncho. Ndinati ndigule laimu poti ndi wotchipa, koma mmisiri wina wa kwathu anandiseka. Laimu sagwira pa penti ya mafuta, amangosendeka. Kuti buluu uja abisike, pafunika kukwecha khoma ndi sandipepa, kupaka andakoti, kenako kubwereza penti yoyera kawiri kapena katatu. Nditawauza bambo, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ya soya inatha. Udikira chaka chamawa." Chaka chamawacho ine MSCE ndidzakhala nditalemba kale. Panopa ndamata makalendala akale chotembenuza pakhoma la pafupi ndi tebulo kuti mbali yoyera indithandizeko. Chipinda chimene ndinkanyadira chikuoneka ngati bolodi lomwe mukuwerengapoli.

Maganizo anga ndi awa: posankha penti ya chipinda chomwe umagonamo ndi kuwerengeramo, funso loyamba lisakhale lakuti umakonda mtundu wanji. Yamba wadzifunsa kuti kuwala kumalowa kochuluka bwanji. Nyumba zathu zambiri zili ndi kawindo kamodzi kakang'ono, ndipo usiku timadalira sola, tochi kapena kandulo. M'chipinda chotere, mtundu woyera, kirimu kapena wachikasu wosada ndiwo bwenzi la mwana wa sukulu. Ngakhale udzudzu umaoneka msanga ukatera pakhoma lowala, pomwe pa buluu wangayu umabisala bwinobwino.

Ndikudziwa ena atsutsa kuti khoma loyera limada msanga, makamaka kunyumba komwe kuli ana aang'ono ndi fumbi la mu Okutobala. Ndi zoona. Koma tayang'anani nyumba zambiri za sukulu ndi zipatala. Mmunsi, momwe mumafika manja ndi mapazi, amapakamo penti ya mafuta yoderako yomwe imapukutika ndi kansalu konyowa, ndipo mmwamba amasiya mowala. Ndikanachita zimenezi, buluu wa timu yanga ndikanakhala naye, kuwala ndikanakhalanso nako.

China chomwe ndaphunzira n'chakuti mtundu womwe umauona pachitini sukhala chimodzimodzi ukafika pakhoma lonse. Pakani kachigawo kakang'ono, kaume, mukaone masana, mukaonenso usiku ndi nyali yomwe mumawerengera. Ndipo ngati chipinda mumagonamo awiri, mnzanuyo mumve maganizo ake. Mng'ono wanga mpaka lero amati amagona m'nyumba ya adani.

Sindikunena kuti makolo azitisankhira chilichonse. Bambo anachita bwino kundikhulupirira, ine ndi amene ndinaganiza ngati sapota m'malo moganiza ngati wa Fomu 4. Mawu a akulu amakoma akagonera, ndipo a mayi aja agonera chaka chathunthu.

Ndiye mwayi wosankha penti ukakupezani, timu yanu muisapote pa wailesi ndi pa jezi. Khoma lisiyireni mabuku.

Mnzanu wa Fomu 4